Nanga ife amene sitinabwere?

Pali funso limene mwana wa Fomu 3 anandifunsa zaka zingapo zapitazo, ndipo mpaka lero limandibwerera ndikangomva munthu akutchula maperesenti pa wailesi. Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya CDSS m'boma la Ntcheu. Kwa nthawi yaitali mutu wa statistics ndinkautenga ngati popumulira. Ana akatuluka thukuta ndi trigonometry, pa statistics amafikapo n'kupuma: phatikizani, gawani, lembani yankho. Iwo ankaukonda, inenso ndinkaukonda, chifukwa pa MSCE malikisi ake savuta kutola.

Mwanayo atafunsa funso lakelo, ndinaona kuti zaka zonsezo ndinkangophunzitsa kuphatikiza ndi kugawa. Pakhomo penipeni pa statistics ana anga ndinali ndisanawafikitsepo.

## Lolemba la mvula

Munali mu Febuluwale. Mvula inagwa usiku wonse ndipo mmawa inali ikuwazabe. M'kaundula wa kalasi munali mayina 74, koma amene anabwera anali 49. Sindinadabwe. Kumadzulo kwa sukulu yathu kuli mtsinje umene ukadzaza suwolokeka, ndipo ana a kutsidya amangokhala kunyumba kudikira kuti madzi aphwe. Tonse pasukulupo timazidziwa, moti sitizitchulanso n'komwe.

Tsiku limenelo sindinafune manambala a m'buku. Ndinati tipeze athuathu. "Aliyense anene kuti amayenda mphindi zingati kuchokera kunyumba kufika pano." Kalasi inachangamuka. Wina 10, wina 15, wina 25, wina 40, ndipo awiri ochokera mudzi umodzi anakangana chifukwa anatchula zosiyana. Ndinalemba zonse pa bolodi, tinaphatikiza, tinagawa ndi 49, tinapeza 28. Kenako ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu n'kudula mzere kunsi kwake: Mwana wa Fomu 3 pa sukulu ino amayenda mphindi 28. Onse anakopera m'makope.

Zikanathera m'kalasimo, bwenzi nkhaniyi isakundilemera chonchi. Koma sabata imeneyo aphunzitsi tinali pa nkhani ya ana ochedwa. Ena ankati chilango chiwonjezeke, kutchetcha kokha sikukuwamveketsa. Ena ankati tiwamvetse, amachokera kutali. Ine ndinalowa ndi nambala yanga yatsopano. Ndinauza anzanga kuti ndafufuza ndekha, ana athu amayenda mphindi 28 zokha, choncho wofika belu litalira ndi waulesi basi. Palibe ananditsutsa. Munthu akabwera ndi nambala, amene ali ndi maganizo chabe amakhala chete. Nanga akakhala mphunzitsi wa masamu, ndiye nkhani yatheratu.

## Lachinayi, madzi ataphwa

Pofika Lachinayi kalasi inadzaza, ena atatuatatu pa desiki. Ndinali nditakonzekera kupitiriza ndi median ndi mode. Ndisanayambe, mtsikana wina wokhala kumbuyo pafupi ndi zenera anaimika mkono. Sanali wolankhulalankhula. Anali atabwereka kope la mnzake kuti akopere zimene zinamudutsa, ndipo chala chake chinali pa chiganizo changa chija.

"Aphunzitsi, apa palembedwa kuti mwana wa Fomu 3 amayenda mphindi 28."

"Eya, ndi zimene tinapeza Lolemba."

"Inetu ndili Fomu 3, aphunzitsi. Ndimanyamuka 5 koloko itangodutsa, kukadali kamdima, koma ndimafika kuno belu litalira kale. Lolemba a kutsidya tonse kunalibe. Nanga ife amene sitinabwere?"

Choyamba chimene ndinachita n'kuteteza masamu. Ndinamuuza kuti ayang'anitsitse, kuphatikiza kuli bwino, kugawa kuli bwino, palibe pamene tinaphonya. Iye anayankha maso ali pansi, monga amachitira mwana polankhula ndi wamkulu.

"Masamuwo sindikuwakana ayi, aphunzitsi. Ndikungofunsa kuti mwana ameneyu ndi uti."

M'kalasi munati zii. Ndinaima ndi choko m'manja, ndikuyang'ana nkhope zimene Lolemba kunalibe. Zinali zambiri, ndipo zina ndinkazidziwa bwino chifukwa ndinali nditazionapo ndi zikwanje kuseri kwa ofesi, zikutchetcha udzu wonyowa pamene anzawo akuphunzira.

Nambala ija inali yoona. Chiganizo chija ndiye chinali chabodza. Tinayeza ana amene anatha kufika kusukulu tsiku la mvula, koma pamwamba pake ndinalembapo dzina la kalasi yonse. Ndipo chimene chinandilasa kwambiri n'chakuti chinthu chimene chinawalepheretsa kubwera ndi chomwecho chimene tinkayeza. Akanakhala kuti ana 25 aja anajomba chifukwa cha chimfine, chimene chimagwira wapafupi ndi wakutali yemwe, 28 uja akanangosuntha pang'ono. Koma mvula inachita kusankha. Inachotsa akutali okhaokha n'kutisiyira apafupi, ndiye ife n'kufunsa apafupiwo kuti kodi kwanu n'kutali bwanji.

Median ndi mode ndinaziika pambali. Ndinati tiyambirenso, ndipo ayambe ndi amene Lolemba kunalibe. Manambala amene anayamba kukwera pa bolodi anali achilendo: 80, 95, 100, 120. Ana apafupi ena anaseka poganiza kuti anzawo akukokomeza, mpaka mnyamata wina wa kutsidya anayamba kutchula midzi imene amadutsa umodziumodzi, ndi chitunda chimene amakwera, ndi pamene amavula nsapato. Kusekako kunatha. Tsiku limenelo tinalipo ana 71, ndipo titagawa tinapeza mphindi 47.

Ndisanadule mzere kunsi kwa 47, mnyamata wina wakutsogolo anafunsa kuti, "Koma aphunzitsi, amene amayenda mphindi 47 ndani?" Tinayang'ana pa bolodi. Panali milu iwiri, wina wa m'ma 20 ndi m'ma 30, wina wa kuyambira 80 kupita m'mwamba. Pakati panali pafupifupi popanda munthu. Mean yathu yatsopano, yankho la kuphatikiza ndi kugawa lija, inagwera ndendende pamene palibe mwana aliyense. Imeneyo ndi nkhani ina, koma tsiku lomwelo ana anaona ndi maso awo kuti nambala imodzi ikhoza kubisa midzi iwiri.

Pa buleki ndinapita kwa a hedi n'kuwauza kuti nambala imene ndinapereka ija ndikuibweza, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Ndinabwerezanso pamaso pa aphunzitsi onse. Sizinali zophweka kunena, koma ana anali atatchetcha kale chifukwa cha mawu anga.

## Mawu amodzi, zinthu ziwiri

Usiku umenewo ndinatsegula manotsi anga akale. Tanthauzo la population linalimo, mizere iwiri, ndipo chaka chilichonse ndinkalilembetsa. Ana ankaliloweza. Koma ndinazindikira kuti mawu amenewa amafika m'kalasi ya masamu ali ndi mwini wake kale. Kuyambira ku pulayimale, mwana akamva population amaganiza za chiwerengero cha anthu m'dziko, za kalembera, za kuchulukana, za kuchepa kwa minda. Kwa iye population ndi nambala yaikulu imene boma limalengeza. Ndiye ukamuuza kuti matumba a chimanga m'nyumba yosungira katundu ndi population, kapena nkhuku za m'khola, kapena ana 74 a m'kaundula, amangovomera kuti aphunzitsi anena, koma m'mutu mwake simulowa kanthu.

Mu statistics, population ndi gulu lonse limene ukufuna kulinenera. Silichita kupezeka lokha, umalisankha ndiwe ndi chiganizo chimene ukufuna kulemba kumapeto. Ukalemba kuti "mwana wa Fomu 3", walonjeza kuti ukunenera onse 74. Sampulo ndi amene wawafikiradi, amene wawafunsa kapena kuwayeza. Ntchito yonse ya statistics ili pa mpata umene uli pakati pa awiriwo: kodi amene ndawafikirawa angaimire amene sindinawafikire? Buku lathu limadutsa pamenepa mothamanga, chifukwa pa mayeso manambala amabwera okonzakonza, ali kale mu tebulo. Mwana safunsidwa kuti manambalawo anachokera kwa yani.

## Zimene amayi awo anawaphunzitsa kale

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ana ankazidziwa kale zonsezi, kungoti palibe anawauzapo kuti ndi masamu.

Ndinawafunsa kuti mayi akamaphika nyemba amadziwa bwanji kuti mchere wakolera. Amalawa. Amamwa mphika wonse? Ayi, kadontho chabe pachikhatho. Nanga asanalawe amatani? Apa atsikana anayankhira pamodzi: amatakasa. Ukalawa pamwamba pamene wangothira mchere osatakasa, unama kuti wawawa pamene pansi palibe. Ndinafunsanso kuti pa ukwati kapena pamaliro, pamene ndiwo zikuphikidwa m'chimphika chachikulu, kodi wolawayo amamwa kapu yathunthu poti mphika wakula? Anaseka. Kadontho komweko n'kokwanira, bola atakase bwino.

M'mayankho awiri amenewa muli zinthu zimene ena amakazimvetsa ku yunivesite. Sampulo siyenera kukula chifukwa choti population yakula. Chimene chimaipatsa mphamvu ndi kutakasa.

Anyamata anabweretsa zawo. Wogula chimanga wochenjera satapa pakamwa pa thumba, amabaya m'mbali ndi pansi ndi kachitsulo kake, chifukwa akudziwa kuti chofumbwa chimabisidwa mkati. Wogula tomato wa pa dengu amavundukula, poti wamkuluwamkulu amaikidwa pamwamba. Mnyamata wina amene bambo ake amalima fodya anafotokoza kuti ku okushoni ku Kanengo ogula amasolola fodya mkati mwa belo, ndipo belo likapezeka kuti lasakanizidwa ndi fodya wosayenera limabwezedwa. Onsewa ndi anthu amene sangathe kuona katundu yense, ndipo aphunzira kuti pamene dzanja limafika mosavuta ndi pamene pamanamiza.

Lolemba lija ife tinatapa pakamwa pa thumba.

## Kuwerenga onse, kufunsa ochepa

Dziko limayesa kumwa mphika wonse kamodzi pa zaka pafupifupi khumi. Chilandirireni ufulu, Malawi wachita kalembera mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Wa mu 1966 anapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Wa mu Sepitembala 2018, amene owerenga ankayenda ndi matabuleti m'malo mwa mapepala, anapeza anthu 17,563,749. Ana anga ambiri ankakumbukira owerengawo akufika pakhomo pawo. Kufika nyumba iliyonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje ndi pa chilumba cha Likoma pomwe, ndi ntchito yodya ndalama ndi nthawi, n'chifukwa chake sichitika chaka ndi chaka.

Pakati pa zaka zimenezo, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO ku Zomba imadalira kulawa. Kafukufuku wa zaumoyo wa MDHS wa mu 2015 mpaka 2016 anafikira mabanja opitirira 26,000, osati dziko lonse, koma zimene anapeza ndi zimene boma ndi mabungwe anagwiritsa ntchito kwa zaka zingapo pokamba za uchembere ndi thanzi la ana m'Malawi monse. A Afrobarometer, bungwe lofufuza maganizo a anthu m'maiko a mu Africa, akafuna kudziwa maganizo a Amalawi amafunsa akuluakulu 1,200 okha, ndipo amanena poyera kuti zotsatira zawo zikhoza kusiyana ndi zenizeni ndi maperesenti pafupifupi atatu, kukwera kapena kutsika.

Nditatchula 1,200 ana anakana. "Anthu ochepa chonchi n'kunenera dziko lonse? Kwathu sanafikeko n'komwe." Ndinawakumbutsa kuti kuchipatala poyeza malungo amangoboola chala n'kutenga kadontho. Mtsikana uja wa pazenera, amene tsopano anali atamasuka, anati, "Koma magazi ndi osakanikirana kale, aphunzitsi. Anthu si osakanikirana." Ananena zoona. Magazi amatakasidwa ndi mtima. Anthu amakhala m'magulumagulu, a m'tauni paokha, a kumudzi paokha, a kunyanja paokha, ndipo kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti anthu pafupifupi 84 pa 100 alionse amakhala kumidzi. Wofufuza waulesi amene angaime pa depoti ku Lilongwe n'kufunsa odutsa, ngakhale atafunsa 50,000, sanalawe Malawi.

Ndiye amatakasa bwanji anthu? Apa ndi pamene kalembera amagwiranso ntchito yachiwiri imene ambiri saidziwa. Pa kalembera dziko lonse limagawidwa m'timadera ting'onoting'ono tokhala ndi malire ake pa mapu. Ochita kafukufuku amasankha timadera tina mwa maere, kenako m'kadera kalikonse amasankhanso nyumba mwa maere. Maere akagwera mudzi wa kuseri kwa phiri, kumene galimoto sifika, amayenera kupita komweko wapansi. Akangonena kuti tisinthe ndi mudzi wa m'mbali mwa msewu, abwerera pakamwa pa thumba paja.

Mawu a maere ndinawasankha dala. Poyamba ndinkamasulira random kuti mwachisawawa, ndipo ndinaona kuti akusocheretsa ana. Ukauza mwana kuti asankhe anzake khumi mwachisawawa, amaloza amene akhala naye pafupi, amene amacheza nawo, amene akumuyang'ana. Iye amaona ngati sanakondere, koma dzanja lake lakondera lokha. Maere ndi ena. Mayina onse 74 alembedwe pa timapepala, tipindidwe mofanana, tilowe m'chipewa, tikhutchumulidwe. Dzina la mwana amene wajomba limakhalamo m'chipewamo, ndipo likatuluka, pafunika kumulondola.

Pali nkhani ya ku America imene ndimawauza, chifukwa imathetsa maganizo oti kuchuluka ndiye kulondola. Mu 1936 magazini ya Literary Digest inatumiza makadi pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, ndipo opitirira 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Mayina ambiri inawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene umphawi unali utavuta m'dzikomo, komanso amene anayankha ndi okhawo amene anafuna kuyankha. Franklin D. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. George Gallup, katswiri wofufuza maganizo a anthu, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza, analosera molondola kuti apambana ndi Roosevelt. Pasanathe zaka ziwiri magaziniyo inatsekedwa.

Ndikamaliza, sindichitanso kufotokoza kuti zikutikhudza bwanji. Ana amatchula okha. Pulogalamu ya pa wailesi imene anthu amaimba foni, kenako woulutsa n'kunena kuti Amalawi akuti chakutichakuti: amene alankhula ndi okhala ndi foni, mayunitsi, netiweki, nthawi ndi mkwiyo wokwanira kuimba. Mavoti a pa Facebook chimodzimodzi. Agogo awo amene ali kudimba nthawi imeneyo sanafunsidwe, koma dzina lakuti Amalawi lawaphimba nawonso.

## Nambala imene timainyadira

Funso la mtsikana uja silinakhale m'kalasi. Linanditsatira mpaka tsiku limene zotsatira za MSCE zinatuluka.

Chaka chimenecho tinachita bwino, ndipo tinasangalala moona. Pa ana khumi alionse amene analemba, pafupifupi asanu ndi awiri anakhoza. Tinalengeza kwa makolo, ndipo anawomba m'manja. Ine ndinawomba nawo, koma m'mutu munali mawu aja: nanga ife amene sitinabwere? Ndinakatenga kaundula wa kalasi yomweyo pamene inali Fomu 1. Ndinayenda ndi chala dzina ndi dzina. Uyu anasiya chifukwa cha fizi. Uyu anatenga pathupi ali Fomu 2. Uyu anapita ku Joni. Uyu anakwatiwa. Awa awiri sindikudziwa n'komwe kumene anapita, ndipo zimenezi zinandichititsa manyazi. Ambiri mwa osowawo anali a kutsidya, ndipo atsikana ndiwo anachuluka.

Peresenti ya okhoza si yabodza. Imanenadi za ana amene anakhala pansi n'kulemba. Koma kholo likaimva limamva kuti ndikapereka mwana wanga pa sukulu iyi, mwayi wake womaliza bwino ndi umenewu. Limenelo ndi funso lina, ndipo population yake ndi ana onse amene analowa pageti ali Fomu 1. Zaka zinayi zimachita zimene mvula inachita Lolemba lija. Zimachotsa osauka kwambiri, akutali kwambiri, ovutika kwambiri, kenako timayeza otsalawo n'kulembapo dzina la sukulu.

Chimene chimandiopsa n'chakuti nambala imeneyi imakwera mwana wofooka akasiya sukulu. Sindikunena kuti alipo mphunzitsi amene amakondwera mwana akasiya. Koma muyeso umene timatamandidwa nawo sutilanga tikataya mwana, ndipo munthu amasamala chimene amayezedwa nacho. Kuyambira chaka chimenecho, a hedi akandipempha kukonza ziwerengero za zotsatira, ndimalemba manambala awiri moyandikana: okhoza mwa amene analemba, ndi okhoza mwa amene anayamba Fomu 1. Yachiwiriyo siwomberedwa m'manja. Anzanga ena anandifunsa kuti ndikuipitsiranji mbiri ya sukulu. Ndimawamvetsa, chifukwa amagwira ntchito molimbika m'makalasi odzaza, mabuku osakwanira. Koma ana osowawo analinso athu.

## Ndowa ya nyemba

Masiku ano mutu wa statistics sindiuyamba ndi fomula. Ndimabwera ndi ndowa yaing'ono imene pansi ndathiramo nyemba zoyera, pamwamba zofiira, osasakaniza. Ndine ndekha amene ndimadziwa kuti zofiira ndi zochuluka bwanji. Gulu lililonse limatapa ndi kachitsekero ka botolo n'kuwerenga. Onse amapeza zofiira zokhazokha, ndipo amagwirizana bwinobwino. Ndimawafunsa ngati kugwirizana kwawoko kukusonyeza kuti alondola. Ena amati eya. Kenako ndimauza mmodzi kuti apise dzanja mpaka pansi.

Tikasakaniza bwino n'kutapanso, zimene zimachitika zimawasokoneza koyamba: magulu amapeza zosiyana. Awa zofiira 6 pa 20, awa 9, awa 7. Amayamba kunenana kuti wina wawerenga molakwa. Palibe walakwa. Sampulo iliyonse imabwera ndi nkhope yake, ndipo tikalemba zonse pa bolodi amaona kuti zikuzungulira malo amodzi. Tikatapa ndi kapu m'malo mwa kachitsekero, zimayandikana kwambiri. Apa ndi pamene maperesenti atatu a Afrobarometer aja amayamba kumveka. Kusiyana kobwera ndi maere kumachepa ukatapa zambiri. Kusiyana kobwera chifukwa chosatakasa sikuchepa ngakhale utatapa ndi beseni.

Ndipo pa ntchito iliyonse imene tichita, mwana asanagwire kakyuleta ayenera kulemba pamwamba pa tsamba kuti tikunena za ndani, tafunsa ndani, ndipo amene wasowa wasowa chifukwa chiyani. Mzere wachitatuwo ndi umene ndimauwerenga poyamba.

Ndisabise, zimenezi zimadya nthawi. Silabasi ndi yaitali, ndipo mayeso a MANEB adzafunsa mean, median ndi ma graph. Mapiriyodi atatu kapena anayi amene ndimathera pa nyemba ndi chipewa ndimachita kuwabweza masana kapena Loweruka. Mphunzitsi mnzanga anandiuza mwachikondi kuti ndikuphunzitsa zimene sizibwera pa mayeso. Sananame. Koma mwa ana 74 aja, ochepa okha ndi amene adzawerengenso standard deviation akachoka pano. Onse adzamva wandale akunena kuti anthu ambiri akufuna chakuti, wogulitsa mankhwala akunena kuti onse amene anamwa anachira, bungwe likunena kuti alimi 90 pa 100 akondwa ndi mbewu yake. Amene anamwa osachira sabwera kudzachitira umboni, ndipo mlimi amene mbewu inamukanika nthawi zambiri sapezeka pa msonkhano wa bungwelo. Ndikufuna kuti ana anga akamamva zimenezi, funso la mnzawo lija lizibwera lokha.

## Atatu otsala

Lachinayi lija tinalipo 71. Ine ndinali wokonzeka kuvomera 47, poti atatu sangasinthe zambiri. Koma kalasi imene inali itangophunzira kufunsa za osowa sinalole. Awiri anabwera sabata yotsatira, wina anali kudwala, wina anali kumaliro, ndipo tinawonjezera manambala awo.

Wachitatu anali mtsikana amene sanaonekenso chitsegulireni sukulu mu Januwale. Apa panabuka mtsutso umene sindinaukonzekere. Ena ankati si wa Fomu 3 ameneyo, anasiya, tichotse dzina lake tigawe ndi 73. Ena ankati dzina lake likadali m'kaundula, palibe anabwera kudzanena kuti wasiya. Mnyamata wina anati tikamuchotsa ndiye kuti tikuchita zomwe zija za Lolemba, chifukwa mwina chimene anasiyira ndi mtunda womwewo. Ndinawasiya akambirane pafupifupi piriyodi yonse. Palibe buku limene likanawayankha, chifukwa malire a population amaikidwa ndi anthu, ndipo tsiku limenelo anthuwo anali iwowo. Anagwirizana kuti awerengedwe.

Mtsikana wa pazenera uja anati amadziwa kwawo, ndi kupitirira mudzi wawo, kuseri kwa chitunda chachiwiri. Loweruka anapitako. Lolemba anabwera ndi kapepala kong'ambidwa m'kope, n'kundipatsira ndi manja awiri. Anati anamupeza akupalira m'munda wa anthu ena, ndipo atamufotokozera zimene tikuchita, anafunsa kawiri ngati dzina lake likadalimodi m'kaundula. Kenako analemba yekha nambala yake.

Pakapepalapo panali 130. Ndinailemba pa bolodi kumapeto kwa mzere, ndipo tinagawa ndi 74.